Pakati pa Msana wa Atate ndi Msana wa Agogo

Mpaka lero ndikamva fungo la phula litasakanikirana ndi zitosi za mileme, ndimadzidzimuka ngati ndaitanidwa ku mlandu. Limenelo linali fungo la chinyumba cha malata chimene chinali kumunsi kwa tchalitchi kwathu ku Msumba, mmene kale ankasungiramo zingwe, migolo ndi matanga a boti. Munali mdima ngakhale masana. Malata ake anali ndi mabowo a misomali, ndipo dzuwa linkalowa ngati timinga toyera n'kumabaya anthu pamitu. Mwera ukaomba, denga lonse linkalira ngati mbuzi yomangidwa. M'menemo ndi mmene anaikamo sukulu ya akuluakulu, zaka zoyamba zija dziko litangolandira ufulu, ine ndili kamnyamata ka zipsera m'maondo ndi kabudula wa chigamba kumbuyo.

Wandikumbutsa zonsezi ndi mdzukulu wanga Selina, amene amaphunzitsa akuluakulu uko ku Lunho. Anabwera kudzandiona atanyamula mawu atsopano a kumsonkhano, akuti pophunzitsa tsopano aziona kuti mkazi ndi mwamuna akhale pabenchi limodzi, afunsidwe mofanana, wina asatsalire kukhomo. Ankalankhula ngati wazitulukira yekha dzulo. Ndinamusiya amalize, poti mphunzitsi sadulidwa mawu, kenako ndinamuuza kuti benchi limenelo ine ndinalikhalira pakati mayi ake asanabadwe, ndipo linatsala pang'ono kundilanda atate. Anati ndilembe. Sukulu yanga inathera m'kalasi yachitatu, choncho pamene cholembera chatsimphina, inu owerenga muzichigwira mkono.

Atate anga, a Yohana, sanali a ku Msumba. Anachokera ku Nkholongue, kupitirira Metangula, ndipo anabwera kudzakhala pamudzi pa akazi awo monga mwa mwambo wathu. Nyumba anamanga okha, koma dothi linali la agogo. Mango anabzala okha, koma mthunzi unali wa agogo. Ngakhale ife ana, amene aliyense ankati tinatengera mphuno ya atate, tinali a mbumba ya agogo Esinati, amayi awo a amayi anga. Atate zawozawo zinali bwato, nkhafi yopalasira ndi mkeka, basi.

Inu a masiku ano, amene mumajambulitsa pa foni mutakolekana mikono ndi apongozi anu, mundimvetse bwino. Nthawi imeneyo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana kumaso, sankakhala pamkeka umodzi, sankalankhulana maso ndi maso. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire, ndipo minga yonse ya njira ya kunyanja atate ankaidziwa ndi miyendo yawo. Koma anthu a bwalo limodzi sangalephere kuuzana kanthu, ndipo apa ndi pamene panali ntchito yanga. Ine Timo ndinali pakamwa pawo. Agogo ankakhala pakhonde atatembenukira kukhoma, atate ali pansi pa mango akusoka ukonde, mtunda woti nkhuku ikatsokomola onse amva. Agogo ankandiitana kuti "amuna anga," monga amachitira agogo pocheza ndi adzukulu, n'kunena kuti, "Kawauze atate ako kuti nsomba ya dzulo inali minga yokhayokha." Ine ndinkayenda kamtunda kameneko ndi ulemu wonse, n'kugwada, n'kubwereza. Atate ankamvetsera ngati akuzimva koyamba, n'kuyankha kuti, "Kawauze kuti ndamva, ndikakambirana nayo nyanja."

Zimamveka zoseketsa, koma ine sindinkaseka. Chaka cha m'mbuyo mwake ndinali nditaona zimene zimachitika mkamwini akalakwa. A Fabiao, amuna awo a mayi anga aang'ono, anachoka pamudzi m'mawa wina, mkeka pamutu, nkhafi paphewa, ana awo akulira pambuyo mpaka pamtsinje. Mwana wawo Lazaro anandinong'oneza kuti atate ake anakumana ndi agogo panjira n'kuwayang'ana kumaso. Nditakula ndinamva kuti nkhani inali ya kachasu ndi zibakera, koma ana sauzidwa zimenezo. Ine ndinasunga za Lazaro. Diso limodzi lokha, atate abwerera ku Nkholongue, ndipo ine nditsala ngati iye, womangoyang'ana kunjira.

Tsono inafika nyengo ya mwera. Nyanja inada, mafunde n'kumamenya mchenga ngati akupuntha mapira, ndipo mabwato onse anakokeredwa kumtunda n'kuvundikiridwa. Milomo inang'ambika, miyendo inatuwa, ndipo amuna ankangokhala kuseri kwa mabwato kuothera dzuwa. Ndi pamene a sekeretariyu a mudzi analengeza kuti wamkulu aliyense wosadziwa kulemba, mwamuna kapena mkazi, azipita kusukulu m'chinyumba cha malata chija. Mwamuna wojomba, anatero, akakonza msewu wa ku Metangula. Amuna ambiri a ku Msumba anali atalawako sukulu ya mishoni, koma atate kwawo sanaione n'komwe, ndipo msewu uja ankaudziwa kuuma kwake. Analowa. Agogo palibe anawaopseza, analowa okha. Nyimbo zonse za m'tchalitchi ankazidziwa pamtima, koma Lamulungu lina mkazi wa akatekisiti anawauza mokweza kuti buku atsegula polakwika. Kuyambira tsiku limenelo analumbira kuti manambala aja amapachikidwa kutsogolo adzawawerenga okha asanafe.

Mphunzitsi anali Profesora Amelia, mtsikana wowonda wochokera kutali kummwera kwa dziko. Kwawoko mwamuna amapereka ng'ombe n'kutenga mkazi kupita naye kwawo, apongozi n'kuwasiya kutali ngati malungo a chaka chatha. Chinyanja chake chinali cha mawu otola panjira. Tsiku loyamba anthu anakhala monga timakhalira paliponse: amuna pamabenchi kutsogolo, zipewa pamaondo, akazi pansi kufupi ndi khomo, ana kumsana, nkhope zili kumbali. Ife ana tinali titaunjikana pakhomo kusuzumira. Profesora anayang'ana, anagwedeza mutu, anaomba m'manja. "Ayi, kamarada," anatero. "Mwamuna, mkazi, mwamuna, mkazi!" Ndipo anayamba kudzutsa akazi mmodzimmodzi, kuwagwira dzanja ndi kuwalowetsa pakati pa amuna.

Abale, ndinaonapo ng'ona italowa m'khoka, koma chipwirikiti chake sichinafike apa. Akazi aakulu anakokera makapulana, nsalu zawo zofunda, kumutu. Wina anathawa n'kusiya nkhwayira imodzi pakhomo. Mkamwini wina, munthu wa ndevu zake, anatulukira pawindo mutu uli patsogolo. Agogo sanathawe. Anakhala pamene anawaika, atadzifunditsa mpaka kuchibwano, ndipo ndinaona kuti ali pabenchi limodzi ndi atate, pakati pali mayi wina wa khanda. Khanda lija linalira, mayi uja anatuluka, pakati panatsala thabwa lokha. Atate anali atauma, maso ali pa zala za kumapazi, thukuta likutsika m'khosi nyengo yozizira ngati imeneyo. Sindinaganize kanthu. Ndinadutsa pansi pa mikono ya anthu n'kukadzipanikiza pakati pawo.

Profesora anandiloza khomo, kuti sukulu ino si ya ana. Mawu anachokera pansi pa kapulana ya agogo: "Mwana akatuluka, nanenso ndatuluka." Akazi amene anatsala m'chinyumbamo anali owerengeka, choncho Profesora anandisiya.

Masiku otsatira akazi aakulu anasiyiratu kubwera, ndipo ana awo aakazi anayamba kutsatira, poti sukulu imene yathawitsa amayi ako sungaikhalire momasuka. A sekeretariyu anati mwaona nokha, akazi sakufuna kuphunzira, asiyeni, kapena muziwaphunzitsa paokha mukatha ndi amuna. Profesora anakana. Anati akadzatha ndi amuna dzuwa lidzakhala litapendeka, choko chitatha, iye mawu atasasa, ndipo akazi adzalandira makoko. Agogo okha ndiwo sanajombe. Tsiku lililonse tinkapita atatu, koma osati pamodzi: atate njira ya kumchenga, agogo njira ya kuminda, ine kuthamanga kuti ndikafike onse asanafike.

Panali munthu mmodzi amene ankawerengera atate mapazi. Amalume a Gabriel, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anali mwini mbumba, ndipo nkhani za maukwati a pamudzi pathu zinkathera pakamwa pawo. Anaphunzira kwa apadiri, ansembe a ku mishoni, ankayenda ndi cholembera pathumba la malaya ngakhale popita kukaonjola nsomba, ndipo atate sanawakondepo chiyambire. Tsiku lina masana ndinali kuwagwirira ukonde kuseri kwa bwato pamene anauza anzawo, osasamala kuti ndilipo: "Mkamwini wa pabenchi limodzi ndi apongozi ake ndinamuonapo kuti? Ndikangomva kuti waonjeza kanthu, atenge nkhafi yake." Anzawo anaseka. Ine ukonde unandipulumuka m'manja.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka mlonda wa atate. M'kalasi sindinkayang'ana zimene Profesora ankalemba, ndinkayang'ana maso a atate. Akatembenuza khosi pothamangitsa ntchentche, ine ndinkatembenuka nawo. Kapulana ya agogo ikatsetsereka pang'ono, ndinkaikweza msanga ngati ndikuvundikira moto. Lamulungu anzanga akupempherera nsapato, ine ndinkapempha kuti Profesora adwale, osati kwambiri, kungoti abwerere kwawo. Mulungu, amene amadziwa kusankha mapemphero, limeneli analisiya.

Amene anakonza zinthu ndi amayi anga. M'mawa wina Profesora anawapeza padziwe la m'mbali mwa mtsinje pamene ankaviika chinangwa, atalowa m'madzi mpaka m'maondo, fungo lowawasa lija lili tolotolo. Anafunsa chifukwa chimene akazi a kuno amadana ndi sukulu. Amayi anatuluka m'madzi, anatola timiyala, n'kuyamba kutiika pamchenga: aka ndi mayi, aka ndi mwana wake wamkazi, aka ndi mwamuna wa mwanayo. Anatembenuza kamwala ka mayi ndi ka mkamwini kuti tipatsane misana. Kenako anatola tina, ndi tinanso, mpaka pafupifupi mudzi wonse unali pamchengapo, aliyense ali ndi wina womuthawa. Profesora anayamba kuseka, kenako kuseka kunamuthera, anakhala pamwala n'kugwira pakamwa. "Nanga bwanji simunandiuze?" anafunsa. Amayi anati, "Simunafunse, a Profesora. Munangoomba m'manja."

Ndimupatse ulemu wake mtsikana uja. Sanapite kukatinenera kwa akuluakulu kuti ndife anthu a mumdima, komanso sanagonje kuti akazi abwerere kukhomo. Anayenda nyumba ndi nyumba kufunsa aliyense kuti amene sangamuyang'ane ndani. Anapempha chitseko chakale, anachipaka makala a m'mabatire akutha osakaniza ndi phala la chinangwa, n'kuchiimika kukhoma la kumbuyo kuti mabolodi akhale awiri. Mabenchi anawagawa pawiri, ena kuyang'ana kunyanja, ena kuyang'ana kumapiri. Mbali iliyonse inali ndi amuna ndi akazi osakanikirana, onse pabenchi, palibe wa pansi, kungoti amene amathawana anapatsana misana. Nthawi anaisunthanso kuti akazi azikhala atabwerako kuminda. Iye mwini ndiye ankathamanga uku ndi uku, kulemba chilichonse kawiri, kufunsa mkazi kuno, mwamuna uko, mpaka kuonda kwake kunaonjezeka. Njira imeneyi inakwanira aliyense kupatula a Matiyasi, amene anakwatirapo katatu m'mudzi womwewo. Iwo analibe koyang'ana, ankangoyang'ana kudenga, mileme n'kumawadalitsa.

Akazi anayamba kubwerera. Choko chitatha tinkalembera makaka, chinangwa chouma chija, ndipo Profesora anaphunzira kuwabisa m'thumba chifukwa amuna ankawatafuna. Atate anali pabenchi lomaliza la mbali ya kunyanja, agogo pabenchi lomaliza la mbali ya kumapiri, ine pakati pa misana iwiriyo, nditakhalira chitini. Msana wa atate unkanunkha utsi ndi mamba a nsomba, wa agogo unkanunkha fodya ndi mafuta a nsatsi. Ndinayamba kupumako pang'ono. Koma panabuka vuto lina. Agogo ankagwira zinthu ngati nyambo yagwera pa njala, manambala anawamaliza anzawo akadali kukangana kuti sikisi ndi uti, naini ndi uti. Atate ayi. Dzanja limene linkamanga mfundo ya ukonde osayang'ana linkasokonekera likagwira kachidutswa ka makaka. Ndinkamva msana wawo ukuuma nthawi iliyonse Profesora akayandikira.

Tsiku lake linafika mwera utakwiya kwambiri, mchenga ukulowa m'mabowo a khoma n'kumatilowa m'mano. Profesora anati aliyense akalembe dzina lake pabolodi, ndipo atate anali atauzidwa kuti pa Chipwitikizi dzina lawo ndi João, loyamba ndi J. Amalume a Gabriel anali ataima pawindo, akuti abwera kudzathandiza mphunzitsi. Atate anaitanidwa. Anaima pabolodi, anakweza dzanja, n'kuima pomwepo. Analemba kamzere, anakafufuta ndi chigongono. Analembanso, makaka anathyoka. Pamenepo amalume anati, mokweza kuti mbali zonse ziwiri zimve, "A Profesora, musavutike. Dzanja la ku Nkholongue ndi la nkhafi. Apatseni bolodi alipalase." Amuna anaphulika kuseka, ngakhale amene iwo eni sankadziwa kulemba.

Agogo anandigunda ndi chigongono. "Kawauze atate ako ayambe ngati mbedza." Ndinaimirira, ndinatsegula pakamwa, koma mawu anga anamira m'phokoso la kuseka ndi la malata. Anandigundanso. Ndinayesanso, koma palibe anandimva. Atate anali chiimire, mutu uli pansi, khosi likunyezimira thukuta, ndipo amalume anali akukonza kale mawu ena.

Kenako ndinamva benchi la kumbuyo kwanga likulira. Agogo anaimirira, anatembenuka, ndipo anadutsa pakati pa mabenchi a mbali ya kunyanja, kumene sanapondeko chiyambire. Kapulana inatsetsereka kumutu n'kugwera paphewa, imvi zonse poyera, ndipo sanaikweze. Anafika pabolodi, anatola makaka pansi, anawaika m'manja mwa atate, anawagwira pamkono ndi zala zawo zowonda zija, n'kukoka dzanjalo kutsika ndi kulipinda ngati mbedza. Kuseka kunazima ngati wathira madzi. Ndinayang'ana atate ndipo ndinaona kuti atsinzina mwamphamvu, nkhope yonse itakwinyika. Chilembo chawo choyamba pa dziko lino anachilemba maso ali otseka.

Agogo sanawalankhule atate. Anatembenukira kuwindo. "Iwe Gabriel," anatero, "unakhala kwa apadiri zaka zonse zija, cholembera chili pamtima ngati mendulo. Unandigwirapo dzanja liti?" Anakweza kapulana yawo, anabwerera pamalo pawo, n'kukhala. Profesora yekha ndiye anayamba kuomba m'manja, koma ataona nkhope za anthu, manja ake anaima m'malere. Tsiku limenelo sukulu inatha yokha, anthu anangotuluka mmodzimmodzi osayang'anana.

M'mawa mwake ndinadzuka atate palibe. Mkeka wawo panalibenso. Amayi anali kusinja makaka kuseri, ndipo nditawafunsa anangoti, "Apita kwawo," osasiya munsi. Mawu awiri amenewo ndi amene ndinkawaopa nyengo yonse. Ndinathamangira kubwato ndipo ndinapeza nkhafi ikadalipo. Ndinaganiza kuti mkamwini sangachokeretu popanda nkhafi yake, poti a Fabiao anapita nayo, choncho ndinaikoka n'kukaikwirira m'munda wa chinangwa, pansi pa masamba ouma. Ndinapita kwa agogo kukafunsa ngati atate adzabwera. Anangoti, "M'kamwa mwanga muli fodya, amuna anga."

Masiku amene anatsatira sindiwakumbukira bwino, ndimangokumbukira njira. Ndinkakhala pamwala wina pamene msewu wa ku Metangula umatulukira pakati pa mibuyu, mphepo ikundimenya kumaso, maso akulira okha ndi fumbi. Munthu aliyense wakutali anali atate mpaka atayandikira. Lazaro ankabwera kudzakhala nane, ndipo kukoma mtima kwake kunkandiopsa kuposa chilichonse, chifukwa ankandilandira ngati mnzake wa m'gulu. Kusukulu atate kunalibe, ndipo agogo nawonso sanapite. Chitini changa chinatsala chokha pakati pa mipata iwiri.

Pamene atate anatulukira, sanali okha. Pambuyo pawo panali nkhalamba yaitali ya kofia yoyera, a Saide, amalume awo a atate, amene anali ankhoswe a ukwati wawo. Miyendo ya onse awiri inali yotuwa mpaka m'maondo. Ndinayamba kuthamanga, kenako ndinaima. Ndinkadziwa kuti ankhoswe amayenda ulendo wotere kawiri kokha, pomanga ukwati ndi poumasula. Atate anandigwira pamutu podutsa, ndipo m'khwapa mwawo munali nkhuku yoyera yomangidwa miyendo.

Anakumana m'mawa mwake pansi pa mango. Agogo anakhala pamkeka atapereka msana, atate chapatali atagwada, ine anandiitana kuti ndikhale pakati monga mwa ntchito yanga. Amalume a Gabriel analankhula nthawi yaitali. Anati mwambo waphwanyika pamaso pa mudzi wonse, mbumba yachita manyazi, ndipo munthu wobwera amene sadziwa malo ake njira ya kwawo akuidziwa. A Saide anawasiya amalize. Kenako anaika nkhuku pansi, anayala kapulana yatsopano pambali pake, nati, "Mwana wathu sanabwere kudzatsanzika. Wabwera kudzapempha kuti manyazi a pakati pa iye ndi apongozi ake achotsedwe, monga makolo analolera."

Ine sindinkadziwa kuti mwambo uja unali ndi khomo lake. Unali nalo, koma linkatsegulidwa mkamwini atamera imvi, adzukulu ali pabwalo. Kulipempha msanga chotero kunali kulimba mtima, ndipo apongozi anali ndi ufulu wokana. Akanakana, atate sakanatha kukhalanso pamudzipo ndi manyazi otero. Zimenezi ndinaziwerenga pankhope ya amayi, amene anali atagwira mtengo wa mango ngati uwathawa. Nkhuku inayamba kujompha chingwe chake. Kenako agogo anatambasula dzanja chakumbuyo, ndipo ine ndinawapatsira nkhukuyo. Anaipapasa pachifuwa, anaikweza poyesa kulemera kwake.

"Yowonda," anatero. "Gabriel, pabolodi paja anagwira mnzake ndani?" Amalume anati si mmene nkhani ikuyendera. Agogo anati, "Ndinagwira ndine. Ngati pali wochoka, ndichoke ine. Tsono undiuze kumene ndipite, poti dothi ukulipondalo ndi langa." Anaika nkhuku pamiyendo, anakoka kapulana yatsopano ija n'kuiyang'ana m'mphepete ngati ali pamsika, ndipo pang'onopang'ono, ndi mkeka womwe, anatembenuka.

Atate anakweza maso mpaka pamaondo a agogo, n'kulekera pomwepo. "Mwadzuka bwanji, amayi?" Mawu awo anali aang'ono ngati a mwana. Agogo anati, "Ndadzuka, bambo. Mbedza yanu ija inali yopindika bwino, koma muzitsegula maso polemba." Ine mwachizolowezi ndinagwada n'kuyamba, "Agogo akuti..." Atate anati, "Ndamva ndekha, Timo." Anthu onse anaseka, ngakhale a Saide, ndipo ine ndinalira mokweza, kamwa lonse pululu, osadziwa ngati ndikulirira chimwemwe kapena ntchito imene yandithera. Masana ake ndinakafukula nkhafi. Chiswe chinali chitayamba kale kuilawa, ndipo atate anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kupita nayo kubwato.

Sabata yotsatira onse awiri anabwerera kusukulu, ndipo anakhala mbali ya kunyanja, benchi limodzi, ndi kampata kaulemu pakati. Mabolodi anakhalabe awiri chifukwa cha ena aja. Ine Profesora anandiloza khomo, ndipo ulendo uno palibe anandiikira kumbuyo. Mwera utatha mabwato anabwerera pamadzi, amuna anayamba kuchepa m'kalasi, koma akazi anapitiriza mpaka mvula yoyamba.

Mbali yotsala ya nkhaniyi anandiuza amayi patapita zaka zambiri, titaika kale atate m'manda. Madzulo a tsiku la pabolodi lija amalume anabwera kunyumba ndi njira yapafupi. Anati nkhalamba ikufuna zilembo za chiyani, agogo asiye sukulu, mkamwini apepese pang'ono, nkhani ithere pomwepo. Aliyense anavomera, ngakhale amayi anga, poti zinthu zikavuta pakati pa mwamuna ndi mkazi, zinkadziwika kale kuti wobwerera kunyumba ndi mkazi. Atate anangopinda mkeka. Iwo sukulu ankadana nayo kuyambira tsiku loyamba, ndipo anamwalira akudziwa kulemba dzina lawo lokha, nthawi zina mbedza ikuyang'ana kolakwika. Ine masiku onse aja ndinkakhala pamwala ndikuopa kuti atate achotsedwa pamudzi. Sindinkadziwa kuti iwo ankayenda pansi m'mphepo imene ija poopa kuti agogo achotsedwa pabenchi.